Prado kapena Delica: galimoto ya dizilo ya ku Japan yopitira ku Nyika ndi banja

Bambo wina wa ku Lilongwe watilembera motere: "Ndili ndi ana atatu, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikusunga ndalama kuti ndiitanitse ku Japan galimoto ya dizilo yokoka matayala onse anayi. Cholinga changa n'choti pa tchuthi ndizitenga banja langa kukagona m'matenti ku Nyika, ku Vwaza, ku Liwonde ndi m'mbali mwa nyanja. Maso anga ali pa Toyota Prado ya 1998 ya injini ya 1KZ, koma mayi a kunyumba akonda Mitsubishi Delica chifukwa mkati mwake muli malo ogona. Anzanga akundiopseza kuti mainjini amenewa amang'ambika hedi, ndipo msonkho wake ungandigwetse. Kodi ndipitirize, kapena ndingogula ya petulo?"

Bambo, mtima ukhale pansi, chifukwa maganizo anu ndi abwino ndipo magalimoto onse awiri amene mwatchula angathe kukufikitsani ku Chelinda n'kubwerako bwinobwino. Zimene anzanu akunena zili ndi choonadi, kungoti akuuzani mapeto a nkhani osakuuzani chiyambi chake. Pa zaka zimene ndakhala ndikukonza mainjini a dizilo, ndaona kuti magalimoto amenewa kawirikawiri safa ndi msewu woipa. Amafa ndi kutentha kwa injini ndiponso mafuta akuda, ndipo zonse ziwirizi mwini galimoto angazipewe ngati wasunga ndalama ina pambali yoti akonzere galimotoyo ikangofika, asanaganize n'komwe zogula tenti yapadenga kapena furiji.

Choyamba muzindikire msinkhu wa galimoto imene mukufunayi. Prado ya mtundu umenewu inapangidwa kuyambira 1996 mpaka 2002, ndipo ku Japan injini ya 1KZ inalowedwa m'malo ndi 1KD m'chaka cha 2000. Magalimoto ambiri a dizilo a nthawi imeneyo anatuluka m'dzikolo chifukwa cha malamulo oletsa utsi, amene anakhwima kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 m'mizinda ikuluikulu monga Tokyo ndi Osaka, moti mu 2007 Toyota inasiya kugulitsa Prado ya dizilo kwawoko n'kudzayambiranso mu 2015. Ndiye galimoto ya 1998 yakhala padziko zaka zoposa 25. Ngakhale mita yake itamaonetsa makilomita ochepa, ndipo mipando yake ili yoyera, chilichonse cha labala ndi pulasitiki chimene chili mmenemo chakalamba: mapaipi a madzi, masilo, mabushi ndi matanki a redieta. Ku Japan galimotoyo inkayenda pang'onopang'ono m'misewu yosalala m'dziko lozizira, ndipo zofooka zake sizinkaoneka. Kuno zimaonekera tsiku loyamba limene yasenza katundu pa chikweza mu Okutobala.

Nkhani ya hedi, imene ndi chigawo chapamwamba cha injini, ili motere. Injini ya 1KZ ndi ya malita 3, ili ndi turbo, ndipo hedi yake ndi ya aluminiyamu pamene buloko, thunthu la injini limene hediyo imakhalapo, ndi yachitsulo. Zitsulo ziwirizi zikatentha sizifutukuka mofanana, ndipo injini ikatentha kupitirira muyeso hedi imang'ambika, makamaka pakati pa mavavu. Injini ya 4M40 ya malita 2.8, imene ili mu Delica ndi mu Pajero, nayonso ili ndi vuto lofananalo, choncho pa mbali iyi palibe imene ikuposa inzake. Chimene chimapusitsa madalaivala ambiri ndi geji ya kutentha ya padeshibodi. Singano yake imakhala pakati nthawi yaitali ngakhale madzi akutentha, ndipo ikamayamba kukwera mofulumira ndiye kuti zinthu zafika kale poipa. Galimoto ya otomatiki imavutika kwambiri pamenepa, chifukwa oyilo wa giyabokosi amaziziritsidwa mu redieta yomweyo, ndiye pokwera phiri redieta imodzi imalimbana ndi kutentha kochokera mbali ziwiri.

N'chifukwa chake ndimalangiza aliyense kuti galimoto ikangolowa pakhomo, ntchito yoyamba ikhale ya madzi. Sinthani redieta ngati ili yakale, osangoitsuka, chifukwa timipata take timatsekeka mkati momwe maso saona. Sinthani thermostat (kavavu kamene kamatsegulira madzi njira ya ku redieta injini ikatentha), pampu ya madzi, mapaipi onse a labala ndi chivundikiro cha redieta, chimene n'chotsika mtengo koma ambiri amachinyalanyaza. Makaniko ayesenso fani: pa mainjini amenewa fani imagwira ndi mafuta olimba amene ali mkati mwa kalachi yake, ndipo mafutawo akatha fani imangozungulira osakoka mphepo. Injini ikatentha, fani yabwino imamveka kulira mwamphamvu mukaponda moto. Yakufa imakhala chete. Thirani coolant weniweni, amene ndi madzi a mankhwala oziziritsa injini, osati madzi a pa mjigo, amene amasiya mchere m'kati mwa redieta. Ndipo chonde musalole aliyense kuchotsa thermostat ponena kuti kuno kumatentha. Chizolowezi chimenechi chafala m'magalaja ambiri, koma chimangobisa vuto kwa kanthawi n'kusokoneza kayendedwe ka madzi m'injini. Mukatha izi, ikani geji ina yoonetsa manambala, yokhala ndi belu lolira madzi akatentha kapena akachepa. Pa zonse zimene mudzagulire galimotoyo, kachipangizo kameneka ndi kamene ndikukatsindika koposa.

Pa Prado pali zinthu zina ziwiri zosati n'kuzengereza. Injini ya 1KZ imayendera lamba wa taimingi amene amasinthidwa pa makilomita 100,000 alionse, ndipo akaduka mavavu amagundana ndi mapisitoni. Musadalire kapepala kachijapani komatidwa pa injini. Lamba amene waikidwa zaka khumi zapitazo ndi wakale ngakhale atayenda mtunda wochepa, choncho msinthireni limodzi ndi tenshona yake. Chachiwiri ndi ma ball joint apansi a matayala akutsogolo, mfundo zimene zimalumikiza tayala ku miyendo ya galimoto. Pa Prado imeneyi ndi pa Hilux Surf ya zaka zomwezo, ma ball joint amenewa ndi amene amasenza kulemera kwa galimoto, ndipo akatha amazuka mosachenjeza, tayala n'kupindikira pansi pa galimoto. Ikani atsopano enieni, osati otchipa a m'mapaketi osadziwika. Delica ya injini ya 4M40 ilibe lamba koma tcheni, chimene chimakhalitsa, ngakhale kuti pampu yake ya dizilo imakonda kudontha pa silo yakutsogolo ikakalamba, ndipo dizilo amatha kulowa mu oyilo wa injini. Mukaona oyilo akukwera pa ndodo yoyezera m'malo motsika, ndiponso akununkha dizilo, imitsani galimoto.

Tsopano za mafuta, ndipo pano ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene anthu a maulendo a kutchire amagwera. Tonse tikudziwa kuti m'zaka zapitazi mafuta akhala akusowa m'dziko muno, ndipo munthu akathedwa nzeru kutali ndi tauni amagula a m'zigubu m'mbali mwa msewu. Mafuta amenewo nthawi zina amakhala osakanizidwa ndi palafini, nthawi zina amakhala ndi madzi ndi fumbi la m'chigubumo. Pampu ya dizilo ndi mainjekita zimadalira dizilo yemweyo kuti zisakhulane, ndiye palafini amazidya pang'onopang'ono, pamene madzi amazichititsa dzimbiri. Ikani fyuluta yachiwiri yolekanitsa madzi, yokhala ndi kagalasi pansi kuti muziona zimene zadikha, ndipo muziyenda ndi fyuluta imodzi yapadera pamodzi ndi sipanala yomasulira. Pemphani makaniko akuphunzitseni kukhetsa madzi pa fyuluta ndi kupopa kapampu kamanja kali pamwamba pake kuti muchotse mpweya. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma munthu wosaidziwa amagona panjira ndi ana. Nyali ya madzi a mu fyuluta ikayaka padeshibodi, musadikire kuti mukafike.

Konzaninso ulendo potengera mafuta. Prado imeneyi ili ndi thanki ya malita 90, ndipo pa phula kawirikawiri imayenda makilomita 8 kapena 9 pa lita, koma ikasenza katundu n'kumakwera mapiri m'magiya apansi imamwa koposa pamenepo. Kuchokera ku Rumphi kudzera pa geti ya Thazima kukafika ku Chelinda ndi makilomita pafupifupi 110, ndipo mukafika kumeneko mudzafunanso mafuta ozungulirira m'paki ndi obwererera. Dzazani thanki ku Mzuzu, muonjezere ku Rumphi ngati alipo, ndipo munyamule ena m'zigubu zachitsulo zopangidwira mafuta, amene mwathira nokha pa filing'i siteshoni. Oyilo wa injini muzisintha pa makilomita 5,000 alionse, ndipo fyuluta ya mphepo muziiona mukangobwerako ku msewu wafumbi.

Mwina mungaganize zothawa zonsezi pogula yatsopanopo. Injini ya 1KD ndi yamphamvu ndipo imamwa mafuta ochepa, koma mainjekita ake ndi amakono, odula kwambiri, ndipo sapirira mafuta akuda ngakhale pang'ono. Prado ya dizilo ya ku Japan yoyambira 2015, ya injini ya 1GD, ili ndi fyuluta ya utsi mu ekizozi ndiponso imafuna madzi apadera otchedwa AdBlue, zinthu zimene simungazikonze kapena kuzipeza mosavuta kumidzi. Kwa munthu wofuna kugona kutali ndi tauni, injini yakale yosamalidwa bwino ili ndi ubwino woti makaniko wa pa boma lililonse anaitsegulapo. Za petulo, sindikunyoza: Prado ya petulo ya malita 2.7 ndi yolimba ndipo siivuta kukonza, koma ikadzaza anthu asanu ndi katundu imafooka pa chikweza ndipo imamwa kwambiri, choncho mtunda umene mungayende pa thanki imodzi umachepa.

Pakati pa Prado ndi Delica, ine ndikanasankha Prado, ndipo chifukwa chachikulu ndi masipeya. Injini ya 1KZ inaikidwanso mu Hilux Surf, mu Hiace zina ndi mu Hilux za ku South Africa, kotero zipangizo zake zimapezeka ku Biwi, ku Malangalanga, ku Limbe, ku Ndirande ndi ku Mzuzu, ndipo zikasowa zimabwera kuchokera ku Johannesburg. Za injini ya Delica zimapezekanso chifukwa cha Pajero, koma galasi, nyali, zitseko ndi zina za kumiyendo zingakuimikireni galimoto kwa milungu. Komabe mayi a kunyumba sakulakwitsa. Mipando ya Delica imagona n'kukhala bedi, ndipo mvula ikagwa usiku, kapena afisi akamalira pafupi ndi msasa, ana amagona mwamtendere m'galimoto yotseka. Kungoti Delica ndi yaitali m'mwamba, imapendama msanga pa msewu wotsetserekera m'mbali, ndipo siifunika kuisenzetsa katundu wolemera padenga. Ngati maulendo anu ambiri akhala a kunyanja ndi ku Liwonde m'chilimwe, ikukwanirani. Ngati mtima wanu uli pa Nyika ndi Vwaza chaka ndi chaka, tengani Prado ndipo mugule tenti yabwino yapansi.

Pogula, pemphani zikalata ziwiri musanatumize ndalama. Choyamba ndi pepala la kumsika wa okushoni, limene limapereka giredi: 4 kapena 3.5 ndi zabwino kwa galimoto ya msinkhu uwu, pamene R amatanthauza kuti inakonzedwapo itachita ngozi. Chachiwiri ndi setifiketi yotulutsira galimoto m'dziko la Japan, imene imaonetsa makilomita amene analembedwa pa nthawi zoyeza galimoto zomalizira. Muziyerekeze ndi zimene zili pa mita, chifukwa kubweza mita kulipo. Pemphaninso zithunzi za pansi pa galimoto. Magalimoto okoka matayala anayi ambiri amachokera kumadera a chipale chofewa monga Hokkaido, Aomori ndi Niigata, kumene amathira mchere m'misewu, ndipo chasisi imadyeka ndi dzimbiri pamene pamwamba pakuwala. Injini imakonzeka, koma chasisi yobooka ndi yotaya. Polipira, tumizani ndalama ku akaunti ya ku Japan yokhala m'dzina la kampaniyo, ndipo mukalandira uthenga wonena kuti akaunti yasintha, imbani foni kaye, chifukwa mbava za pa intaneti zimabera anthu mwa njira imeneyi.

Za msonkho anzanu akunena zoona. Msonkho wa galimoto yolowa m'dziko muno umakwera potengera kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo, ndiye ya malita 3 ya 1998 ili m'gulu lolipira kwambiri. Malamulo ake amasintha ndi bajeti ya boma, choncho pitani ku MRA kapena kwa ejenti wovomerezeka akuwerengereni musanalipire chilichonse ku Japan. Muonjezerepo za kudoko la Dar es Salaam, za dalaivala, mafuta a makilomita oposa 900 kukafika pa Songwe, kulembetsa ku Road Traffic, COF ndi inshuwalansi. Ulendo umenewu ndiwo mayeso oyamba a injini, chifukwa imakwera zitunda za Kitonga ku Tanzania ndi Chiweta kuno kwathu ili m'manja mwa dalaivala wofulumira amene galimotoyo si yake. Ngati mungathe, pitani nokha kapena tumani makaniko wanu, aone madzi, oyilo ndi fani galimoto isanatuluke mu Dar es Salaam. Mukawerengera zonse n'kupeza kuti zikufanana ndi mtengo wa Prado imene ili kale kuno, musachite manyazi kugula ya kuno, chifukwa imeneyo mungaikwere, kuiyesa pa chikweza ndi kuilowa pansi ndi tochi.

Matayala amene galimoto imabwera nawo musawakhulupirire. Nthawi zina amakhala a nyengo yachisanu, a labala wofewa wokhala ndi timizere tambirimbiri, ndipo pa phula lotentha amatha msanga ndiponso saimika bwino galimoto. Gulani asanu ofanana a mtundu wa all-terrain okhala ndi m'mbali molimba, pamodzi ndi kompulesa, geji ya mpweya ndi zomatira tayala. Pa msewu wa miyala chepetsani mpweya pang'ono, pa mchenga wa kunyanja muchepetse mpaka cha m'ma bar 1.5, ndipo mukabwerera pa phula mupope nthawi yomweyo. Katundu wolemera, monga madzi ndi mafuta, akhale pansi ndiponso pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, womangidwa ndi malamba, kuti pa mabuleki adzidzidzi asagwere ana.

Poyendetsa, giya ya 4L, yamphamvu yoyendera pang'onopang'ono, muziilowetsa musanafike povuta, osati mutatitimira kale, ndipo potsika phiri ngati la Gorodi ku Livingstonia muzitsika ndi giya yapansi kuti mabuleki asapse. Prado imeneyi imakoka matayala onse nthawi zonse, koma loko ya pakati, imene imamanga matayala akutsogolo ndi akumbuyo kuti azizungulira limodzi, ndi ya pa dothi pokha. Mukaiiwala pa phula mumaononga magiya ndi matayala. M'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, dothi la makande la m'madambo ndi la kuchigwa cha Shire limamata matayala mpaka kusalala, ndipo palibe galimoto imene imaligonjetsa. Mtsinje wosefukira musauyese. Injini ya dizilo ikameza madzi ngakhale ochepa imapinda ndodo za mapisitoni nthawi yomweyo, ndipo ikazima m'madzi musailizenso. Mukatitimira, musakokere pa mpira wokokera ngolo, chifukwa umathyoka n'kuuluka ndipo wapha anthu. Gwiritsani ntchito malo okokera omangidwa ku chasisi, ana ataima kutali. M'chilimwe, mukadutsa m'tinjira ta udzu wautali, imani n'kuchotsa njere zimene zamatirira kutsogolo kwa redieta ndi udzu wouma umene wakola pafupi ndi ekizozi, chifukwa njerezo zimatenthetsa injini ndipo udzuwo umayaka.

Ku Chelinda, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,300, mu Juni ndi Julayi kumagwa chisanu, ndipo m'mawa injini imafuna ma heater plug amoyo, otenthetsa mkati mwa injini isanalire, ndi batire lamphamvu kuti ilire. Ayesetseni musananyamuke, ndipo furiji ndi nyali za pamsasa zikhale pa batire lachiwiri lolekanitsidwa ndi loliza injini. Kuzizirako kusakuchititseni kulowetsa mbaula m'tenti kapena m'galimoto, kapenanso kugona injini ikulira, chifukwa mu utsi wake muli mpweya wosanunkha umene umapha anthu ali m'tulo.

Pali zizindikiro zina zimene zikaoneka musayesere nokha. Madzi akamachepa popanda podontha, thovu likamatuluka m'kabotolo ka redieta, paipi yam'mwamba ikamalimba injini itangolira kumene, kapena utsi woyera ukamapitirira injini itatentha, pitani kwa makaniko wa dizilo, ndipo hedi ikatsika aipititse ku shopu ya injiniyaringi akaiyeze ndi mpweya. Hedi yong'ambika ya 1KZ imafuna kusintha; yowotcherera kawirikawiri siikhalitsa. Pampu ndi mainjekita zipite kwa anthu okhala ndi makina oyezera, osati kumasulidwa pa fumbi. Musanapite ku paki iliyonse imbani ku ofesi yake, kaya ndi ya nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire kapena African Parks imene ikuyang'anira Liwonde, Majete ndi Nkhotakota, mufunse za msewu ndi malo ololedwa kugona. Ndipo Nyika isakhale ulendo woyamba. Mukamaliza kukonza, dzazani galimoto monga mmene mudzaidzazire pa ulendo waukulu, mupite ku Dzalanyama kapena ku Ntchisi kwa usiku umodzi, mukwere zitunda maso ali pa geji, ndipo pobwerako makaniko alowenso pansi aone zimene zamasuka kapena kudontha.